Kanyali Kophethira Nthawi ya Nkhomaliro

1. Chipinda cha pansi pa masitepe

Chipinda cha makompyuta cha pachipatala chachikulu chinali pansi pa masitepe, kuseri kwa kochapira zovala. Chinalibe zenera. Munali matebulo awiri oyang'anizana, mpando umodzi wozungulira, wina wogwedera, ndi makina oziziritsa mpweya omwe ankang'ung'udza tsiku lonse ngati munthu wosunga nkhani yomwe akulephera kuinena.

M'menemo ndi momwe Kamtambo ankaphunzira ntchito kwa azakhali ake. Dzinali anamupatsa ndi azakhali omwewo. Ankati ukamufunsa funso mtsikanayu uzidikira kaye kuti atsike kumwamba komwe maganizo ake apita. Anali atangomaliza sekondale, ndipo uwu unali mwezi wake wachinayi pantchitoyo.

Azakhali ndiwo ankasamalira netiweki ya chipatalacho, komanso ya kachipatala ka kuphiri, ulendo wa maola awiri pamsewu wa miyala. Kuphiriko sankapitako kawirikawiri. Ankalowa mu kompyuta ya kumeneko ali khale pampando wawo wozungulira, pongolemba malamulo pa sikirini yakuda.

M'mawa wa tsiku limenelo azakhali anafika tsaya litatupa. Sanavule n'komwe jekete.

"Tamvera, mwana wa achimwene. Ine ndikukazulitsa dzinoli, ndibwera cha m'ma 4 koloko. Foni usandiimbire pokhapokha chipatala chikupsa. Kuona, uziona chilichonse. Lemba `ip link`, uone makhadi onse a netiweki. Lemba `ethtool` ndi dzina la khadi, uone liwiro lake. Kuona sikuononga kanthu. Koma kusintha, ayi."

"Ndamva, azakhali."

"Sunamve, ndikuona maso akowo. Khadi ndi pomwe chingwe chimalowera mu kompyuta. Khadi la kompyuta ya kuphiri ndilo khomo lokhalo lomwe ife timalowera kumeneko. Iwe thupi lonse lili kuno, uko kuli dzanja lako lokha, lopisa pakhomo. Ukalakwitsa n'kulitseka khomolo, sulitsegulanso, chifukwa chotsegulira chatsalira mkati. Ine zinandichitikira ndili msinkhu wakowu. Ndinakwera lole ya simenti tsiku lathunthu kukangodina batani limodzi, ndipo ndinafika tsitsi lili mbuu ngati agogo. Anthu anaseka, koma abwana sanaseke. Ndiye malamulo anga ndi awiri basi. Usanakhudze chinthu, lemba m'kope momwe wachipezera. Ndipo khadi lomwe walowera usalikhudze ine palibe."

Anagwira tsaya, n'kutuluka.

2. Moni wa masekondi makumi atatu

Kamtambo anali ndi chinsinsi.

Ikangokwana nthawi ya nkhomaliro, azakhali akapita kukadya, iye ankalowa mu kompyuta ya kuphiri n'kulemba lamulo limodzi:

`ethtool -p eth0 30`

Lamulo limeneli silisintha kanthu. Limangochititsa kanyali kobiriwira ka pa khadi lotchedwa eth0 kuphethira kwa masekondi makumi atatu, kuti mmisiri adziwe khadi lomwe akufuna pakati pa ambiri. Azakhali anamuphunzitsa sabata yake yoyamba, ndipo Kamtambo analikonda kuposa malamulo onse.

Tsiku loyamba kuliyesa, foni inalira. Anali mnyamata wojambula zithunzi za ekisileyi kuphiri kuja, yemwe azakhali ankangomutchula kuti Wazithunzi. Tebulo lake linali pafupi ndi kabati ya galasi momwe munali makompyuta.

"Pepani achemwali, kanyali kena kuno kakuphethira ngati kalowa kachitsotso. Kafa?"

"Sikanafe. Kakukupatsani moni."

"Aa. Ndiye kauzeni kuti tadzuka bwino."

Chiyambire tsiku limenelo kanyali kankaphethira masana alionse. Nkhope ya Wazithunzi Kamtambo anali asanaionepo. Ankangodziwa mawu ake, ofatsa, okhala ngati akumwetulira. Sabata yapitayo mnyamatayo anadandaula kuti moni wosatha kuubweza umamusowetsa mtendere. Kamtambo anayang'ana kukhomo, n'kumunong'oneza pafoni chinthu china chomwe sichinayenera kutuluka m'chipindamo.

Lero kanyali kanaphethiranso, koma foni sinalire. Inadzalira 2 koloko itangodutsa.

3. Mmisiri wa denga

"Achemwali, azakhali alipo?" Mawu aja lero sanali kumwetulira.

"Apita kukazulitsa dzino. Kwagwanji?"

"Kuno abwera ndi mmisiri, wagwa padenga la sukulu. Akuti msana. Ndamujambula zithunzi zisanu ndi chimodzi, ndatumiza kwa adokotala a mafupa kwanuko, koma sizikuyenda. Theka la ola chayenda chimodzi chokha, chosathandizanso."

"Mwina dikirani pang'ono."

"Kudikira kulibe. Adokotalawo alowa m'chipinda cha opareshoni 3 koloko, ndipo akalowa ndi mpaka madzulo. Kuno abale ake abweretsa lole ya matabwa. Akuti ikakwana 3 koloko osamva kanthu, amunyamula okha. Anamwino awachonderera, koma achimwene ake akuti sangaonerere munthu akubuula pabedi. Ngati fupa la msana lasweka, pamsewu uja afika kumeneko miyendo itafa."

Kumbuyo kwa mawu ake Kamtambo ankamva mayi wina akulira chapansipansi.

"Musadule foni," anatero.

Analowa mu kompyuta ya kuphiri. Zilembo zinkaoneka mochedwa, chimodzichimodzi. Analemba:

`ethtool eth0`

Mizere inatsika pa sikirini. Kamtambo anaitsata ndi chala mpaka pa mzere wa liwiro. Pamene masiku onse pankalembedwa 1000, lero panali 10.

"Ndapeza. Khadi likuyenda pa teni m'malo mwa sauzande. Zili ngati kuthira madzi a m'diramu kudzera pa kaudzu."

"Mungathe kukonza?"

Kamtambo anayang'ana mpando wozungulira wa azakhali. Unali wopanda munthu. Anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali 2:14.

"Achemwali? Inu mumazitha izi. Munthu wophethiritsa nyali ali kutali chonchi angalephere kusintha nambala?"

Anatenga kope. Anakopera mizere yonse ya pa sikirini momwe inalili, ngakhale yomwe sankaimvetsa. Lamulo loyamba la azakhali analisunga.

Kenaka analemba mzere wautali womwe anauonapo m'buku, wolamula khadi kuti liyende pa sauzande mokakamiza, osafunsana ndi makina a mbali inayo:

`ethtool -s eth0 speed 1000 duplex full autoneg off`

Chala chinaima m'malere pang'ono. Mayi uja anabuulanso pafoni. Kamtambo anadina.

4. Khomo latsekeka

Palibe chinachitika. Kamzere koyera ka pa sikirini kanangoima.

Anadina batani lina. Zii. Anadinanso kawiri, katatu. Patapita kanthawi panatuluka mzere umodzi wonena kuti kulumikizana kwaduka.

Anayesa kulowanso. Kompyuta ya kuphiri sinayankhe. Anayesanso. Sinayankhe.

"Achemwali, kuno zaima zonse. Ngakhale chithunzi chimayenda pang'onopang'ono chija chaima. Kanyali kathu kazima."

M'chipinda chozizira chija, thukuta linatsika m'khosi mwa Kamtambo.

"Ndatseka khomo," anatero motsitsa.

"Khomo lanji?"

"Zimitsani kompyutayo n'kuyatsanso. Zomwe ndasintha sizikhalitsa, ikayakanso ziiwalika."

Panamveka mapazi, kenaka kuthethetsa kwa swichi.

"Ndazimitsa pakhoma, koma sizikuzima. M'kabatimu muli batire, ikungolira tii, tii. Kabati ndi yokhoma, ndipo kiyi amadziwa azakhali anu okha. Galasi lake lili ndi waya mkati, silisweka."

Chitseko chinatseguka mosagogoda. Anali adokotala a mafupa, mayi wamtali, atavala kale zobiriwira za ku opareshoni ndi kachipewa kumutu. Anali asanatsikepo pansi pa masitepe chiyambire.

"Mtsikana, zithunzi za kuphiri zili kuti? Anamwino a kumeneko andiimbira katatu. Ambulansi yotsala ndi imodzi, ndipo ikufunidwanso kwina. Sindingaitumize maola anayi popanda kuona chomwe ndikutumizira."

"Netiweki yaduka, adokotala."

"Yaduka yokha?"

Foni inali idakali pakhutu. Wazithunzi anamva funsolo, ndipo ananong'ona mofulumira.

"Nenani kuti ndi mphepo. Kuno kukuombadi chimphepo, palibe angatsutse. Musadziphe nokha, achemwali. Akuchotsani ntchito."

Adokotala anali chiimire, dzanja pa chitseko. Wotchi inali 2:26.

Kamtambo anatsitsa foni.

"Ndadula ndine. Ndimafuna kukonza, ndalakwitsa. Ndipatseni mphindi makumi awiri."

Adokotala anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndikhala pa kompyuta yanga mpaka 2:55. Ikadutsa apo ndikukasamba m'manja."

Anatuluka, chitseko anachisiya chotsegula.

5. Kiyi

Foni ya m'manja ya azakhali inalira mpaka kuduka. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu anayankha, mawu akutuluka molemera ngati ali ndi mwala m'kamwa.

"Chipatala chikupsa?"

"Ayi, azakhali. Ndakhudza khadi la kuphiri. Ndadzitsekera kunja."

Patali pankamveka kulira kwa kamakina ka mano.

Kamtambo sanadikire kukalipiridwa. Anafotokoza zonse mwachidule: mmisiri, lole ya matabwa, adokotala, mzere womwe analemba, batire, kabati yokhoma.

"Unalemba m'kope usanasinthe?"

"Ndinalemba."

"Chabwino. Zinazo tikambirana. Ika foni ziwirizo moyandikana, Wazithunzi azindimva."

Kamtambo anagundanitsa foni ya patebulo ndi ya m'manja, n'kuweramira pakati pake.

"Iwe mnyamata, pita kuchipinda choyezera ana. Pisa dzanja kunsi kwa tebulo la sikelo, mbali ya kukhoma. Pali kiyi womata ndi tepi. Thamanga, koma abale a wodwalayo asakuone ukuthamanga."

Mphindi zitatu zinatha. Kamtambo anaziwerenga zonse.

"Ndamupeza. Ndatsegula."

"Tsopano ima, usakhudze kanthu. Muli makompyuta atatu ofanana. Imodzi ndi ya mankhwala. Ina ndiyo ikusunga zithunzi zako, ndipo ukaizimitsa mwadzidzidzi zithunzi za lerozo zitha kuonongeka, uyambirenso kumujambula munthu wothyoka msana. Yachitatu ndiyo tikufuna. Werenga mapepala omwe ndinamata."

"Amayi, mapepala mulibe. Anamatuka ndi chinyezi, onse atatu ali pansi."

"Ona manyali a kumbuyo. Lozima ndi liti?"

"Zingwe ndi zambiri, amayi. Manyali ena akuyaka, ena ozima, pa makompyuta onse atatu."

Azakhali anapumira m'mwamba.

"Chaka chatha tinazisuntha pokonza denga, sindikukumbukanso kuti ili pati. Masiku onse tikafuna kudziwa timaphethiritsa kanyali. Koma wophethiritsayo wadzitsekera kunja."

Wotchi inali 2:41. Pafoni ya kuphiri panamveka injini ya lole ikulira, ndi mawu a bambo wina akuitana anzake kuti abwere ndi bulangete.

Wazithunzi anakhosomola.

"Amayi, ine ndikuidziwa. Ndi ya pansiyi."

"Wadziwa bwanji?"

"Ndi yomwe imaphethira nthawi ya nkhomaliro."

Kamtambo anatseka maso.

"Imaphethira," azakhali anabwereza pang'onopang'ono. "Masiku onse?"

"Kupatula Loweruka ndi Lamlungu, amayi."

"Mwana wa achimwene, akunena zoona?"

"Zoona, azakhali. Ndi eth0 ya kompyuta yomweyo. Ndimaphethiritsa ndine."

"Ndiye dina batani la ya pansiyo, mnyamata. Gwiritsitsa mpaka izime, uwerenge mpaka teni, uyatsenso."

6. Sauzande

Kompyuta yakale siyaka msanga. Kamtambo ankayesa kulowa, kukanidwa, kuyesanso. Pakati pa foni ziwiri zija pankangomveka lole.

2:46. 2:47.

Kenaka sikirini inafunsa mawu achinsinsi. Zala zake zinalakwitsa koyamba. Kachiwiri analowa, ndipo analemba lamulo loonera lija. Nthawi ino zilembo zinatuluka zonse pamodzi.

"Sauzande," anatero. "Tumizaninso zithunzi."

"Zikupita. Chachiwiri. Chachitatu. Eee, zikuthamanga ngati zaona mvula."

Kamtambo anasiya mafoni patebulo, n'kukwera masitepe awiriawiri. Anapeza adokotala ataimirira kale, koma maso ali pa sikirini. Anakulitsa chithunzi chachinayi, n'kuloza ndi cholembera kamzere kakuda kopingasa pa fupa. Dzanja lina linali litanyamula kale foni.

"Anamwino, munthuyo asamukhazike tsonga, asamunyamule pa bulangete, asamukweze lole. Fupa lasweka koma silinasunthe. Ambulansi ikunyamuka pompano ndi bedi lolimba. Ndipatseni achimwene akewo ndiwauze ndekha."

Atamaliza anatembenuka, n'kumuona Kamtambo ali pakhomo, akupuma mwawefuwefu.

"Ukanandiuza kuti yaduka yokha, ndikanaitumiza kwina ambulansi ija nthawi yomweyo," anatero. Sanamwetulire. Anapita kukasamba m'manja.

7. Mzere wa m'kope

Azakhali anafika 4 koloko isanakwane, thonje lili m'tsaya. Anatseka chitseko, n'kukhala pampando wawo. Kenaka analavulira thonje lija m'bini.

"Andiuza kuti ndisalankhule mpaka mawa, koma izi sizingagone. Mtima wako unali wabwino, mwana wa achimwene, sindikukana. Koma makina samva za mtima, amamva zomwe walemba. Ndipo munthu wofulumira chifukwa cha chisoni amaononga mofanana ndi wofulumira chifukwa cha matama. Iwe lero unali ndi zonse ziwiri. Unafuna kupulumutsa mmisiri, komanso unafuna kuti mnyamata uja aone kuti umazitha. Usagwedeze mutu, ine ndinakhalapo mtsikana. Khadi silikakamizidwa pa sauzande. Umalisiya ligwirizane lokha ndi makina a mbali inayo. Ukanandiimbira 2:14, ndikanakuuza mawu awiri okha, ndipo tikanayamba taika lamulo lina lobweza zakale pakatha mphindi zisanu, kuti khomo likatsekeka lidzitsegule lokha. Ndimo timachitira amisiri. Sitidalira kuti sitilakwitsa, timakonzeratu pobwerera. Unaopa kundivutitsa pa dzino, n'kutsala pang'ono kumulanda munthu miyendo."

"Pepani, azakhali."

"Chomwe chakusiya pampandowo ndi chakuti sunaname. Mmisiri wolakwitsa ndimamuphunzitsa. Wobisa ndimamutsegulira chitseko. Za kanyali kako ka nkhomaliro tikakambira kunyumba, amayi ako ali pomwepo. Bweretsa kope."

Kamtambo anapereka. Azakhali anavala magalasi, n'kutsata mizere ija ndi chikhadabo. Chikhadabo chinaima.

"Mzere uwu unakopera bwino? Wa kugwirizana kokha kwa khadi. Walemba kuti unali wozimitsa."

"Ndinakopera momwe unalili."

"Usanakhudze kanthu?"

"Ndisanakhudze."

Azakhali anavula magalasi.

"Ine ndimaganiza kuti ndi chingwe chatha. Koma chingwe chikatha, khadi limatsika liwiro mzere uwu uli woyatsa. Ndipo kuyatsanso kompyuta sikukanachiritsa chingwe. Khadi silidzizimitsa lokha pamenepa. Alipo analowa m'mawa uno, kapena dzulo, n'kulemba lamulo ndi zala zake, mwina poyesa zomwe sakuzidziwa. Teni uja anamuika munthu."

Makina oziziritsa mpweya anang'ung'udza.

"Mawu achinsinsi a makompyuta athu onse ndi amodzi, ndipo timawadziwa anthu awiri. Ine ndi iwe. Si choncho?"

Kamtambo anayang'ana foni ya patebulo. Mawu achinsinsiwo ndi omwe iye anamunong'oneza Wazithunzi pafoni sabata yapita ija.

Matebulo awo anali oyang'anizana, choncho kumbuyo kwa kompyuta ya Kamtambo kunaloza kwa azakhali. Mtsikanayo anangoona kuwala kobiriwira kukugwa pa tsaya lotupa lija, kuzima, kugwanso. Manja ake onse awiri anali pamiyendo, kutali ndi mabatani.

Azakhali anaweramira pafupi ndi kanyali ka pa khadi lake. Anakayang'ana kakuphethira mpaka masekondi makumi atatu anatha.

Kenaka anakankhira foni ya patebulo kwa iye.

"Akukubwezera moni," anatero. "Imba. Ndikufuna ndimve nawo."